Masiku asanu pa njinga m'mphepete mwa Donau

Lolemba, 12 Ogasiti, ku Bad Gögging

Ndikulemba izi ndili chagada pa bedi la m'nyumba ya alendo, miyendo nditaiyedzamiritsa kukhoma chifukwa ntchafu zikuwawa kwambiri. Mmawa ndinanyamuka ku Nürnberg, m'dziko la Germany, kumene ndakhala ndikugwira ntchito ya unamwino kwa zaka zitatu, ndipo ndinakwera sitima mpaka ku Ingolstadt, mzinda umene uli m'mphepete mwa mtsinje wa Donau. M'sitima za kuno njinga imadulitsa tikiti yakeyake ndipo malo ake amakhala ochepa, kotero ndinalawirira pa siteshoni kuopa kupeza atadzaza. Tinakwanamo njinga zisanu ndi ziwiri, mahandulo atalowerana, ndipo bambo wina anafunsa aliyense kumene akutsikira n'kuzisanja kuti ya wotsika msanga ikhale kunja.

Njinga yangayi ndi yakale. Ndinaigula kwa mkulu wina wopuma pa ntchito pa mtengo wa mayuro 120, ndipo ili ndi magiya asanu ndi awiri ndi kaliyala wolimba. Pa kaliyalapo ndapachika zikwama ziwiri, china cha zovala, china cha pampu, zigamba, solushoni, buledi ndi botolo la chiponde. Ndikufuna kutsata mtsinje kulowera kummawa mpaka ku Regensburg, kukhalako masiku awiri, kenako kupitirira mpaka pamene mphamvu ndi ndalama zidzathere. Ndinakulira ku Chikwawa, kumene njinga ndinkaipalasa nditamangirira thumba la chimanga popita kuchigayo, ndipo aka n'koyamba kuipalasa mtunda wautali popanda chimene ndatumidwa.

Njira ya njinga yotsata mtsinjewu amaitcha Donauradweg, ndipo pa mphambano iliyonse pali kachikwangwani koyera kolembedwa mobiriwira, kosonyeza mudzi wotsatira ndi makilomita otsala. Mbali yaikulu ya lero ndayenda pamwamba pa mtumbira wautali wotchinga madzi, umene kwathu timangouti dayiki. Pena pali phula, pena pali timiyala toyera timene timalira pansi pa matayala ndi kuchititsa dzanzi m'manja. Mbali ina kuli mtsinje, wothamanga kuposa mmene umaonekera pa zithunzi, mbali ina kuli minda ya chimanga chokhwima bwino, chopanda wochilondera, chimene alimi a kuno amalimira makamaka ng'ombe. Nditadutsa Vohburg ndinayamba kuona mbewu yotchedwa Hopfen, imene amathira mu mowa kuti uwawireko ndi kununkhira. Imayanga pa mawaya okwera mamita asanu ndi awiri, ndipo munda wake umaoneka ngati nkhalango yodzalidwa pa mzere. Ku Ingolstadt komwe ndinatsikira sitima ndiko kunalengezedwa lamulo la mu 1516 lakuti mowa uzifululidwa ndi balere, madzi ndi mbewu imeneyi basi.

Madzi anandithera dzuwa lili paliwombo, ndipo m'mudzi umene ndinalowa munalibe sitolo ngakhale imodzi. Ndivomere kuti ndinachita mantha kugogoda pakhomo la munthu, poti m'midzi yotereyi munthu wakuda woyenda yekha amaonekera patali, ndipo katani ikagwedezeka pa zenera sudziwa ngati mwini nyumbayo akungofuna kuona kapena akukukayikira. Agogo ena aakazi amene ananyamula keni yothirira anandipatsa moni wa kuno wakuti “Grüß Gott”, ndipo ataona botolo lopanda kanthu m'manja mwanga anandikodola kuti ndiwatsate. Anandilowetsa kumanda a pa tchalitchi. Kumeneko kuli mpopi umene anthu amatungapo madzi othirira maluwa a pa manda a abale awo, ndipo agogowo ananditsimikizira kuti madzi a pa mpopi umenewo ndi omwewo a m'nyumba. Kwathu munthu salowa kumanda popanda maliro kapena chilolezo cha amfumu, ndiye dzanja langa linkanjenjemera potsegula mpopiwo, koma ludzu linali litandigwira pakhosi ndipo ndinamwa. Anandionetsa chiliza cha amuna awo, nanena kuti kukatentha chonchi amabwera tsiku lililonse kuopa kuti maluwa angafote.

Chipinda chino ndalipira mayuro 58 pamodzi ndi chakudya chammawa, ndipo njinga yagona m'garaja pambali pa thirakitala ya mwini nyumba.

Lachiwiri, 13 Ogasiti, ku Regensburg, usiku

Ndafika kutada, nditanyowa, ndipo ndilembe msanga tulo tisanandigonjetse.

Mmawa ndinaima kanthawi ku Eining, pamene pali maziko a linga la asilikali a Aroma lotchedwa Abusina. Palibe mlonda, palibe cholipira, ndipo ndinadyera buledi wanga nditakhala pa khoma limene linamangidwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Kuchokera cha pamenepa kulowera kummawa, mtsinje ndiwo unali malire a ufumu wa Aroma, ndipo kutsidya kunkakhala mitundu imene iwo sankailamulira.

Ku Weltenburg kuli nyumba ya amonke a Benedikito Woyera, yomangidwa pamene mtsinje ukukhota, pa gombe la timiyala. Amonkewo akhala akufulula mowa kuyambira mu 1050, ndipo bwalo lawo linali litadzaza ndi alendo akumwa pansi pa mitengo. M'tchalitchi chawo, chimene anachikongoletsa abale awiri a banja la Asam, muli chifaniziro cha Georgio Woyera ali pa kavalo, kuwala kukumuwombera kumbuyo kuchokera pa zenera lobisika. Anthu ambiri anali pamenepo ndi mafoni awo. Ine chimene chinandiimitsa chili panja, pa khoma loyang'ana kumtsinje, pamene pali mizere yolembedwa zaka, yosonyeza pamene madzi anafika nthawi iliyonse imene anasefukira. Mzere wa 1999 ndinauyang'ana nditakweza mutu.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ndimaganizira. Mu Januwale 2015 madzi anatilowera usiku kwathu, ndipo khoma la nyumba yathu, limene linali la zidina, linasungunuka n'kugwa, kotero kuti palibe khoma limene tingalozepo kuti madzi anafika apa. Malemu bambo anga anatenga chikwanje n'kutema chizindikiro pa mtengo wa mtondo umene uli kuseri kwa khola, ndipo potema anati madzi saiwala khwawa. Amonke a kuno akudziwa zomwezo, koma iwo ali ndi khoma lamiyala lolembapo, ndipo mwana wobadwa lero akhoza kuwerenga yekha zimene mtsinje unachita agogo ake asanabadwe.

Kuchoka pamenepo mtsinje umalowa pakati pa matanthwe oyera ataliatali, ndipo wapanjinga amasankha kukwera phiri kapena kukwera boti. Ndinasankha boti. Ndinalipira ine pandekha ndi njinga payokha, ndipo tinadikira pa mzere pafupifupi theka la ola dzuwa likuswa mtengo. Ulendo wake ndi wa mphindi 20 zokha potsika. Pa thanthwe lina lalitali ndinaona mphete zachitsulo zokhomedwa m'mwala, zimene anthu akale ankakolekapo ndodo zangowe pokoka mabwato awo kukwera mtsinje. Ku Kelheim, pamwamba pa phiri, pali nyumba yozungulira yachikasu imene Mfumu Ludwig I ya Bavaria, chigawo chino cha Germany, inamangitsa pokumbukira nkhondo zolimbana ndi Napoleon. Ndinangoiona chapansi, poti miyendo inakana.

Nditadutsa Bad Abbach tayala lakumbuyo linaphwa. Ndinagadabuza njinga, ndinatulutsa chubu, ndipo ndinapeza kuti yang'ambika pafupi ndi valavu, pamene chigamba sichigwira. Nthawi yomweyo kumadzulo kunada, mphepo inayamba kuweramitsa mitengo, ndipo bingu loyamba linagunda pafupi. Mphezi ndimaiopa kuyambira ubwana, ndipo kukhala pamtetete ndi chitsulo m'manja kunandisowetsa mtendere. Ndinakankha njinga mothamanga mpaka pa nyumba zoyamba za mudzi wina, ndipo bambo wina amene ankatseka garaja yake anandiitana ndi dzanja ndisanapemphe n'komwe. Anayang'ana manambala a pa tayala, anatsegula kabati, natulutsa chubu yatsopano yofanana. Nditatulutsa ndalama anagwedeza mutu, ndipo nditakakamira anabweza dzanja langa m'thumba mwanga. Akazi awo anabweretsa madzi a maapozi ndi keke ya maplamu, imene akuti amaphika mwezi uno zipatsozo zikapsa.

Atandifunsa kwathu ndinakonzeka kufotokoza kumene Malawi ili, monga ndimachitira kawirikawiri, koma bambowo anaseka mokondwa n'kundilowetsa m'chipinda chochezera. Muli thanki yagalasi yaikulu, ndipo mkati mwake mukusambira mbuna zabuluu ndi zachikasu za ku nyanja yathu. Anazitchula mayina a sayansi imodzi ndi imodzi, nanena kuti akhala akuziweta kwa zaka zambiri ngakhale kuti ku Africa sanapondeko. Ndinakhala pa mpando wawo mvula ikugwa pa denga, ndikuyang'ana nsomba za kwathu, ndipo pakhosi panandimanga.

Makilomita otsalawo ndinapalasa m'matope ndi mphepo yozizira. Nsonga ziwiri za tchalitchi chachikulu zinaonekera kutali kuli chisisira. Kumene ndinasungitsa malo anandiuza kuti dzina langa mulibe m'kompyuta yawo, ndipo wolandira alendoyo sanafune ngakhale kuyang'ana uthenga umene unali pa foni yanga. Zinandiwawa, koma mphamvu zokangana ndinalibe. Ndapeza bedi kwina, m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, pa mayuro 34 usiku umodzi.

Lachitatu, 14 Ogasiti, ku Regensburg

Ndinadzuka mbandakucha anzanga a m'chipinda akadali mtulo, ndipo ndinapita wapansi ku mlatho wamiyala, Steinerne Brücke, alendo asanadzaze. Njinga lero ndaisiya, chifukwa misewu ya mkati mwa mzinda wakale ndi yoyalidwa miyala imene inandigwedeza mano dzulo usiku, komanso thupi likufuna kupuma ku chishalo.

Mlathowu anaumanga kuyambira mu 1135 mpaka mu 1146, utali wake umaposa mamita 300, ndipo kwa zaka mazana ambiri unali wokhawo wowolokera Donau mu mzinda uno. Mizati yake yakhazikika pa tizilumba tamiyala tosongoka ngati mabwato, ndipo tizilumbato tapanikiza mtsinje kotero kuti madzi amadutsa pakati pake akuthamanga n'kukazungulira kumunsi ndi mkokomo umene umamveka bwino mzinda usanadzuke. Zombo zokwera mtsinje sizinkatha kudutsa pamenepa zokha, zinkachita kukokedwa ndi zingwe. Nsanja yapakati pa mlathowu anaichotsa madzi oundana ataiwononga mu 1784. Masiku ano galimoto siziloledwa kudutsapo, ndipo amene ndinakumana nawo anali anthu opita kuntchito pa njinga, mmodzi wa iwo mayi wokoka kangolo mmene munali ana awiri akugona.

Pamwamba pa mlatho pali kachifaniziro ka mnyamata, dzanja lili pamphumi, akuyang'ana kutchalitchi. Anthu a kuno ali ndi nthano yakuti mmisiri wa mlatho anapikisana ndi mmisiri wa tchalitchi, ndipo pofuna kupambana anapangana ndi mdyerekezi kuti adzamupatsa mizimu itatu yoyamba kuwoloka, koma mlatho utatha anathamangitsirapo galu, tambala ndi thadzi. Tchalitchi chimene chilipo lero anachiyamba mlatho utatha kale zaka zoposa 100, koma nthanoyo ikadali pakamwa pa aliyense.

Ukaima pa mlathowo umamvetsa chifukwa chake mzinda unamera pano. Apa ndi pamene Donau imafika kumpoto kwenikweni pa ulendo wake wonse, mitsinje ya Naab ndi Regen imathira pafupi, ndipo katundu wochokera kummwera kupita kumpoto ankayenera kuwolokera pomwepa. Amalonda a kuno ankafika mpaka ku Venice ndi ku Kiev, ndipo atalemera anayamba kumanga nsanja pa nyumba zawo monga ankaonera ku Italy, aliyense akufuna kuti yake ipose ya mnzake. Yaitali kwambiri mwa zimene zatsala, Goldener Turm, imafika mamita 50. Pamutu pa mlatho pali nkhokwe yaikulu ya mchere imene inamangidwa kuyambira mu 1616 mpaka mu 1620, ya denga lalitali losanjikizana. Mchere unkachokera ku Reichenhall, kudzera ku Passau, ndipo akavalo oyenda m'mbali mwa mtsinje ndiwo ankakoka mabwato ake. M'nkhokwemo tsopano muli chionetsero cholowa ulere chofotokoza za mzindawu, umene bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wake wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 2006.

Pa benchi ya pafupi ndi nkhokweyo ndinacheza ndi agogo ena aamuna amene anabadwira m'nyumba zakalezi. Ndinawauza kuti anthu a kuno ndi odala posunga bwino mzinda wawo, koma iwo anapukusa mutu. Anati chimene chinausunga ndi umphawi. Malonda atasamukira ku Nürnberg ndi ku Augsburg mzindawu unasauka kwa zaka mazana angapo, ndipo panalibe wokhala ndi ndalama zogwetsera nyumba zakale kuti amange zatsopano. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mabomba anagwera fakitale ya ndege ya Messerschmitt mu 1943 ndi malo ozungulira njanji, koma mbali yaikulu ya mzinda wakale inapulumuka. Iwo ali mwana, anatero, nyumba zimene alendo akujambula lerozi zinali zachinyezi, zamdima, mabanja angapo akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, ndipo aliyense amene wapezako bwino ankasamuka. Mawu awo andithandiza kuyang'ana makomawa mosatengeka ndi utoto.

Masana ndinadya pa kanyumba kobiriwira kootchera masoseji kamene kali m'mphepete mwa madzi, Wurstkuchl. Utsi wa makala umakulonjera ukadali pa mlatho. Anthu amaitanitsa masoseji asanu ndi limodzi, aang'ono ngati chala, oikidwa pa kabichi wowawasa, ndi mpiru wotsekemera wa bulauni, ndipo mtengo wake unaposa mayuro 10. Pa tebulo pamakhala dengu la timabanzi, ndipo woperekera zakudya amafunsa pomaliza kuti wadya tingati, iwe n'kunena zoona. Ndinadya tiwiri. Pa khoma la kanyumbako palinso mizere ya madzi osefukira, ndipo amene ndinakhala nawo pa benchi anandiuza kuti mu 2013 pamene tinakhalapa panali mtsinje wokhawokha.

M'kamsewu kena kopapatiza ndinapeza chipata cha Aroma, Porta Praetoria. Linga la pano linamalizidwa mu 179, m'nthawi ya Mfumu Marcus Aurelius, ndipo munkakhala asilikali pafupifupi 6,000. Miyala ya chipatacho ndi ikuluikulu, yakuda ndi ukalamba, yosanjikizidwa popanda matope omangira. Kwa zaka mazana ambiri inabisika mkati mwa makoma a nyumba ya bishopu mpaka pamene inavundukulidwa mu 1885, ndipo lero anthu amangodutsa pambali pake ndi zikwama za kumsika. Ndinaikapo dzanja, ndipo mwalawo unali wozizira ngakhale kunja kunkatentha.

Pa khoma la holo yakale ya mzinda, Altes Rathaus, pafupi ndi khomo, pali zitsulo zitatu zokhomedwa, zimene zinali miyeso yovomerezeka ya phazi, mkono ndi manja otambasula. Wogula nsalu akakayikira wamalonda ankabwera nayo pamenepa kudzayeza anthu akuona. Ndinakumbukira ndowa zofinyidwa pansi zimene ena amayezera chimanga m'misika yathu, ndipo ndinalakalaka titakhala ndi ndowa imodzi yokhomedwa pa khoma la msika uliwonse. M'holomo mumalowedwa ndi wotsogolera alendo. M'chipinda chapamwamba nthumwi za mafumu ndi mizinda ya ufumu wakale wa Germany zinkakumana mosalekeza kuyambira mu 1663 mpaka mu 1806. Pansi pa nyumba yomweyo pali chipinda chimene ankazunziramo oimbidwa milandu kuti avomere, ndipo zipangizo zake zikadali pamalo pake: makwerero omangirirapo munthu, chingwe chomukwezera m'mwamba manja atamangidwa kumbuyo, ndi miyala yomangirira kumapazi. Ofunsa mafunso ankakhala kuseri kwa chotchinga chamatabwa kuti wozunzidwayo asawaone. Ntchito yanga yandiphunzitsa mmene phewa limagulukira, ndiye sindinathe kuyang'ana chingwecho nthawi yaitali, ndipo ndinatuluka anzanga asanamalize.

Lachinayi, 15 Ogasiti, ku Regensburg

Ndinaiwala kuti lero ndi tchuthi cha Kutengedwa Kumwamba kwa Amayi Maria, chimene madera a Akatolika ambiri muno mu Bavaria amasunga, ndipo masitolo onse ndi otseka. Chakudya changa chakhala buledi wa dzulo ndi chiponde, ndi khofi wa mayuro 3 amene ndinagula pafupi ndi siteshoni.

Ndinapita ku Misa ku tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera. Anayamba kuchimanga cha m'ma 1275 chakale chitapsa ndi moto, ndalama zinatha nsanja zisanamalizidwe, ndipo zinakhala zoduka mitu kwa zaka zoposa 300 mpaka pamene nsonga zake za mamita 105 zinamalizidwa mu 1869. Amisiri osema miyala akadali ndi msasa wawo kuseri kwake, poti mbali ina ikakonzedwa ina imakhala itayamba kufumbutuka. Mkati ndi mwamdima, ndipo kuwala kumalowera m'magalasi amitundumitundu, ena mwa iwo a zaka za m'ma 1300. Pa mzati wina pali mngelo Gabriele wosemedwa pa mwala, akuseka mano onse ali pamtunda pamene akupereka uthenga kwa Maria. Kwaya ya ana ya pano, Domspatzen, imene inayamba mu 975, ili pa tchuthi cha sukulu mwezi uno, kotero sindinaimve.

Amayi ambiri anabwera ndi timitolo ta zitsamba ndi maluwa akutchire kuti ansembe atidalitse, ndipo tchalitchi chonse chinkanunkhira ngati dambo lodulidwa udzu. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifotokozera monong'ona kuti timitoloto amatiumitsa n'kutipachika m'nyumba chaka chonse. Potuluka anamasula kamtolo kake, anagawa pakati, nandipatsa theka. Ndalimangirira pa handulo ya njinga.

Masana ndinapita ku bwalo la Neupfarrplatz, ndipo zimene ndinaona kumeneko zikundilemerabe. Pamalopo panali mudzi wa Ayuda, umodzi mwa midzi yawo yakale kwambiri m'dziko lino. Mfumu Maximilian I, imene inkawateteza, itamwalira mu Januwale 1519, akuluakulu a mzinda sanachedwe, ndipo mwezi wotsatira analamula kuti Ayuda onse, anthu pafupifupi 500, achoke pa masiku owerengeka, m'nyengo yozizira. Sunagoge wawo anagwetsedwa, nyumba zawo zinasalazidwa, ndipo pamalopo panamangidwa kachisi wa Amayi Maria. Wojambula wotchuka Albrecht Altdorfer, amene anali mmodzi wa akuluakulu a mzinda, anajambula mkati mwa sunagogeyo kutangotsala pang'ono kuti agwetsedwe. Lero pamene panali sunagogeyo pali miyala yoyera yotsata maziko ake, ntchito ya mmisiri Dani Karavan ya mu 2005, ndipo ana ankalumphalumpha pamiyalapo makolo awo akunyambita ayisikilimu.

Chimene chinandipweteka koposa ndi cha manda awo. Anthu anazula ziliza masauzande, zambiri anamangira nyumba, ndipo zina anazikhoma poonekera pa makoma ngati chonyadira. Ndinaona chimodzi, zilembo za Chiheberi zikuwerengeka bwinobwino, chili pa khoma la nyumba imene si ya mwini dzinalo. Ndinakumbukira agogo aja a Lolemba ndi keni yawo yothirira, ndinakumbukiranso mmene kwathu ngakhale nkhuni ya kumanda sitola. Mmawa ndinapemphera kwa Amayi Maria mokondwa, ndipo masana ndinamva kuti dzina lawo linagwiritsidwa ntchito pophimba malo a anthu othamangitsidwa. Sindinganene kuti ndaziyanjanitsa mumtima mwanga. Chimene ndikuyamikira n'chakuti mzindawu sunabise nkhaniyi, unailemba poyera monga unalembera mizere ya madzi, ndipo mu 2019, patatha zaka 500, Ayuda a kuno anatsegula sunagoge watsopano.

Madzulo ndinawoloka mlatho kupita ku Stadtamhof, ndinakhala pa udzu m'mbali mwa madzi, ndipo ndinaimbira foni amayi. Anafunsa ngati ndadya, ndinati ndadya. Ndinawafotokozera za mizere ya pa makoma, kenako ndinati, “Amayi, kodi mtondo uja wa kuseri kwa khola ulipobe?” Anati ulipo, ndipo madzi a namondwe Freddy mu 2023 anapitirira pamene bambo anatema. Ndinawapempha kuti auze achimwene akaime pamtengopo andijambulire.

Lachisanu, 16 Ogasiti, m'sitima yochokera ku Straubing

Ndinatuluka mu Regensburg mmawa, ndipo nditapalasa makilomita pafupifupi 10 ndinafika ku Donaustauf, kumene pamwamba pa phiri pali Walhalla, nyumba yoyera yamizati imene Mfumu Ludwig I yemwe uja inatsegula mu 1842 kuti muzikhala zifaniziro za anthu otchuka olankhula Chijeremani. Njinga ndinaikhoma pansi, ndipo masitepe ake 358 ndinawakwera mopumira katatu. Mkati ndinafunafuna nkhope imodzi yokha, ya Sophie Scholl, mtsikana wa zaka 21 amene anaphedwa mu 1943 chifukwa chomwaza timapepala totsutsa Hitler, ndipo nditaipeza ndinatuluka kukakhala pa masitepe. Kuchokera pamenepo mtsinje umaoneka wonse, dayiki ikuutsata mbali zonse ziwiri, ndipo apanjinga amaoneka ngati nyerere.

Kuchoka apo dziko ndi lathyathyathya, minda ya tirigu wokololedwa kale ndi mbewu ya shuga, mthunzi wosowa, ndipo mphepo inkandiwomba kumaso mpaka ku Straubing. Ndinafika mawondo akunjenjemera, n'kupeza mzinda uli pa chikondwerero chake chachikulu cha mwezi uno, anthu ali m'makabudula achikopa ndi madiresi achikhalidwe chawo, ndipo malo atatu amene ndinafunsa analibe bedi. M'chikwama mwatsala mayuro 41. Ndadula tikiti yanga ndi ya njinga kubwerera ku Nürnberg.

Zitsamba za pa handulo zafota ndi dzuwa koma zikununkhirabe, ndipo kamtsikana kamene kakhala moyang'anana nane kakhala kakuzigwiragwira amayi ake akukaletsa. Sitima itangodutsa Regensburg foni inalira. Achimwene atumiza chithunzi pa WhatsApp, ataima tsonga pa mtondo uja, atavula nsapato. Chipsera cha chikwanje cha bambo chili pa chifuwa pawo, khungwa litayamba kuchikwirira m'mbali, ndipo pamwamba pa phewa lawo atema chizindikiro chatsopano, choyera, n'kulemba pambali pake ndi makala kuti 2023.